Uta Watsopano M'chifunga cha Mpingwe

Ndikukumbukira chaka chomwe apusi a m'phiri la Mpingwe anatsala pang'ono kutimalizira nandolo. Tinkakhala m'munsi mwa phirilo, chakufupi ndi Limbe, m'kanyumba ka zidina komwe malata ake ankatsinjikidwa ndi miyala kuopa mphepo. Mayi anali ndi kamunda kumtunda, pamalo otsetsereka kwambiri moti polima munthu unkaoneka ngati ukupepesa phiri. Nandolo akangoyamba kukhwima, apusi ankatsika ndi ana awo kumimba. Mayi akawakuwiza, iwo ankangosendera pang'ono, n'kukhala pamwala, n'kumasenda makoko mosapupuluma akuwayang'ana mayiwo m'maso ngati alendo odikira tiyi.

Ine Rozina ndinali mu Sitandade 6, kamtsikana kamanzere ka zipsera m'mawondo. Kusukulu dzanja langa lamanzerelo linali litalawa rula mokwanira, koma pa legeni panalibe mnyamata wa m'dera lathu amene akanandiposa. Choncho ntchito yolondera nandolo inagwera ine. Vuto linali lakuti apusi anauzolowera mwala. Ukawagenda ankazinda, ena mpaka kuutola mwalawo n'kuununkhiza.

Amene anabweretsa nkhani ya uta anali amalume a Jowaki, mlongo wawo wa mayi. Iwo ankakhala ku Chimwankhunda, ntchito ankagwira pa fakitale ina ku Makata, ndipo kwathu ankabwera Loweruka lokha. Makina a kufakitaleko anali atawagonthetsa khutu limodzi, linalo n'kutsala longomva zapafupi, moti poyankhula nawo unkachita kuwazungulira kufunafuna mbali yamoyo. Iwo ndi mayi anabwera kuno kuchokera ku Mozambiki, kuseri kwa phiri la Mulanje, nthawi ya nkhondo, mayi akadali mtsikana. Za kumeneko sankazikamba. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti kunali mkulu wawo, a Manuwelo, amene anatsala m'mbuyo, ndipo anthu othawa pambuyo pake anadzanena kuti anaphedwa. Dzina limenelo likangotchulidwa, mayi ankapeza chochita panja.

"Mwanayu ndimusemera uta," anatero amalume tsiku lina atamva madandaulo a nandolo.

"Achimwene, mwana wamkazi ndi uta? Amayi anzanga a kutchalitchi adzati chiyani?"

"Adzati Rozina wapulumutsa ndiwo," anayankha amalume. Mayi anapitiriza kukana, koma ankakanira mbali ya khutu logontha.

Mtengo wa uta anabwera nawo okha, wowongoka, wouma kale, wotalika kufika pachibwano panga. Ankaupala ndi kachidutswa ka botolo losweka, tizipalo take n'kumagwera pamapazi awo topotanapotana ngati tsitsi la khanda. Akatopa kupala ankaudzoza mafuta a nsatsi n'kuuwamba pamoto, ndipo fungo la nsatsi zopsererazo linkatsala m'zovala zathu mpaka Lolemba. Nsinga anapota kuchokera ku chikopa cha mbuzi. Mivi inali ya bango, nsonga zake za misomali ikuluikulu yomwe anaisula pa kachidutswa ka njanji. Nthenga za nkhanga tinapatsidwa ndi Che Amidu, oyandikana nafe, amene ankagulitsa nkhuku ndi nkhanga mumsika wa Limbe. Bango lililonse amalume ankalitsamiritsa pachifuwa panga, ine nditatambasula manja kutsogolo, n'kulidula pomwe pathera zala zanga.

Zonse zitatha ndinkaganiza kuti tsopano ndikasaka. Amalume anaseka. Anati kusema uta ndi ntchito yamasewera, ntchito yeniyeni ndi kugwirizanitsa uta, mivi ndi mwini wake, chifukwa atatuwa amayamba ali osadziwana. Ndinaumirira kuti ndiyese pabwalo pomwepo. Anandiimikira thunthu la nthochi, ine ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, muvi n'kulisiya thunthulo lili bwinobwino, n'kukaboola chitenje cha mayi cha ku Mvano chomwe chinali pachingwe. Tsiku lomwelo lamulo linatuluka lakuti za uta zizichitikira kuphiri.

Loweruka lotsatira kunacha ndi chiperoni. Amene anakulira ku Limbe akuidziwa nyengo imeneyi: kamvula kosaoneka madontho koma konyowetsa mpaka m'kati, kuzizira kolowa m'mano, ndi chifunga chomwe chimatsika m'phiri n'kumeza nyumba imodziimodzi. Mayi anati tidikire kuti kuyere, koma amalume anati alibe Loweruka lina lotaya. Tinanyamuka cha m'ma teni koloko, ine nditavala juzi ya sukulu, iwo atapachika phodo la mivi paphewa ndi thunthu la nthochi pamutu.

Tinadutsa kamunda kathu n'kukwera mpaka pa kabwalo kena ka udzu waufupi, pakati pa mitengo ya masuku ndi bulugamu. Malowo ine ndinkawadziwa bwino chifukwa tinkatolako nkhuni ndi anzanga. Kupitirira pang'ono kunali thanthwe loterera, ndipo kuseri kwa thanthwelo anthu oswa miyala anali atalidya phiri mpaka kusiya phompho lalitali, loima njo ngati khoma. Amalume zimenezo sankazidziwa. Phiri la Mpingwe ankangolionera pakhonde pathu.

Anayamba ndi kukunga uta. Anaponda nsonga yapansi, n'kuupinda ndi bondo, n'kukoleka nsinga. Kenako anaika chibakera chawo pakati pa uta ndi nsingayo, chala chachikulu chili chiimire, kuti aone mpata. Mpata unachepa. Anamasula nsinga, n'kuipota pakati pa zikhatho, n'kuikolekanso. Chomwe chinandiseketsa n'chakuti pofuna kumva kulira kwa nsinga, ankaluma nsonga ya uta ndi mano a m'mbali, n'kuikhwatcha ndi chala, maso atatsinzina. Ankati khutu linawathawa koma mano amamvabe. Poyamba nsingayo inkalira mwaulesi ngati ng'oma yonyowa. Anapota, naluma, napotanso, mpaka inayamba kulira mawu oonda, otalika, omwe ndinkawamva akunjenjemera m'mimba mwanga.

Atatero anandipatsa kuti ndikoke pang'onopang'ono iwo ataima patali kuyang'ana mapindikidwe ake. Mbali yam'mwamba inali youma khosi, inkakana kupindika mofanana ndi inzake. Anaipala ndi kabotolo kaja, pang'ono pokha, n'kundikoketsanso. Manja anga anali atachita dzanzi ndi kuzizira, mamina akutsika, koma sindinadandaule.

Kenako tinafika pa mivi. Uliwonse unali ndi khalidwe lake. Wina unkagwedeza mchira pouluka ngati mlamba, amalume n'kuumeta nthenga ndi lezala. Wina unkagwa msanga chifukwa nsonga inalemera, iwo n'kuinola pamwala. Umodziumodzi inayamba kumvera, ndipo thunthu la nthochi linayamba kuchucha madzi m'mabala ake. Koma panali umodzi, womangidwa ndi ulusi wofiira, womwe unkakhotera kumanja nthawi zonse. Ndikaloza pakati, iwo unkapita kumanja. Ndikaloza kumanzere, unkapitabe kumanja. Amalume anasonkha kamoto ka tsekera pansi pa mwala, n'kumawamba bangolo, n'kumaliwongola ndi zala, n'kumalisuzumira ndi diso limodzi kuchokera kumchira.

Nthawi yonseyi apusi anali nafe. Anakhala ndondondo pamiyala yakumtunda, ubweya utanyowa, kuonerera chida chomwe chinkakonzedwera iwo omwe. Pansi pa phiri tauni inkamveka monga mwa masiku onse: hutala ya sitima kusiteshoni, oitanira minibasi, tambala wa kwinakwake, wina akukhoma malata.

Sindikudziwa kuti phokoso limenelo linatha nthawi yanji. Ndinangozindikira kuti ndikumva kupuma kwanga komanso madontho akugwa m'masamba a bulugamu. Chifunga chinali chitakhuthala, thunthu la nthochi likungooneka ngati munthu wamfupi woima chete. Nditacheukira kumiyala, apusi anali akuchoka. Sanakuwe monga amachitira akaona galu. Ankangotsetsereka mmodzimmodzi, ana atakakamira kumimba, onse kulowera mbali imodzi, osacheuka. Kunali masana, komabe kunada ngati dzuwa likulowa.

Amalume sanaone kalikonse. Anamaliza kuwongola muvi wa ulusi wofiira, nandipatsa, nati ndiuyese. Asanandibwezere uta anakhwatchanso nsinga kamodzi. Kulira kwake kusanathe, m'chifungamo munamveka likhweru.

Silinali likhweru la anyamata oitana agalu. Linayamba lalifupi, lokwera, ngati funso, kenako lalitali lotsika pang'onopang'ono mpaka kuzimirira. Silinali lokweza ayi. Koma amalume, munthu amene mayi ankachita kumuponyera chitsononkho kuti acheuke, anadzutsa mutu nthawi yomweyo. Nkhope yawo inasintha, inakhala ngati ya mwana. Anaika uta m'manja mwanga osandiyang'ana, napinda milomo, nayankha ndi likhweru lomwe lija, osaphonya pena paliponse.

Linayankhanso, koma tsopano chapatali pang'ono, chakumtunda.

"Amalume, ndi ndani?" ndinafunsa.

"Mano," anatero motsitsa mawu. Sindinamve bwino, ndinkayesa akunena za mano a m'kamwa. Anabwerezanso, "Mano Manuwelo." Pambuyo pake ndi pomwe ndinadzadziwa kuti kwawoko mkulu wako umamutchula choncho.

Ananyamuka. Mpeni, phodo, chipewa, zonse anazisiya pansi. Sankathamanga, koma miyendo yawo inali yaitali, ndipo ankayenda ngati munthu wodziwa njira. Ndinawatsatira uta ndi muvi zili m'manja, ndikuitana, koma mawu anga ankangothera m'chifunga ngati ndikukuwira m'bulangete. Likhweru linkalira, iwo n'kuyankha, ilo n'kusuntha. Ndinayang'ana pansi kufuna mapazi a woimbayo. Udzu unali wodzaza ndi mame, ndipo mkwaso unali umodzi wokha, wa amalume. Kutsogolo kwawo udzu unali wosakhudzidwa.

Titafika pathanthwe loterera lija, ndinazindikira komwe tinkalowera. Ndinayesa kuthamanga kuti ndiwagwire malaya. Ndere za pathanthwepo zinanditerereza, ndinagwa, phazi n'kulowa mumng'alu n'kupotoka. Ululu unakwera mpaka m'chiuno. Nditayesa kuimirira mwendo unakana. Ndinakuwa dzina lawo mpaka kukhosi kunawawa, koma anali atandilozetsa khutu logontha, ndipo ngakhale likanakhala labwino sindikhulupirira kuti akanandimva.

Ndinkawaona msana wokha, ukuchepa mtundu m'chifungamo. Patsogolo pawo, chakumanzere pang'ono, panali bulugamu wamkulu wopendekeka. Mtengo umenewo tonse otola nkhuni tinkaudziwa: unali womaliza. Ukaupitirira, kutsogolo kunalibe nthaka.

Ndinalibe mwala pafupi, pathanthwe panali posalala. Ndinali ndi uta womwe ndinali nditauphunzira m'mawa womwewo, ndi muvi umodzi, uja wokhotera kumanja, womwe chiwongolereni tinali tisanauyese. Kumanja kwa mtengowo n'komwe kunali amalume. Zonsezi ndinaziganiza, ndikukumbuka bwino, ndipo ndikukumbukanso kuti manja anga sanadikire kuti ndimalize kuganiza. Ndinagwada pa bondo labwino, ndinakoka nsinga mpaka inandikhudza pakona pa mlomo monga anandiphunzitsira, ndinaloza pa khungwa loyera la bulugamuyo, n'kusiya.

Muviwo unapita mowongoka. Unadutsa pafupi ndi phewa lawo n'kukazika mumtengo, thi! Mchira wake unatsala ukunjenjemera patsogolo pa nkhope yawo.

Amalume anaima. Anauyang'ana muviwo nthawi yaitali, ngati munthu amene wadzutsidwa pakati pa tulo ndipo sakudziwa kuti wagona kwa yani. Anatambasula dzanja n'kukhudza ulusi wofiira uja. Nthawi yomweyo kamphepo kanang'amba chifunga pang'ono, ndipo anaona zomwe ine ndinkazidziwa kale. Nsonga za nsapato zawo zinali m'mphepete mwenimweni. Pansi, kutali, panali milu ya miyala yoswedwa ndi wilibala yogadabuka, yooneka yaing'ono ngati choseweretsa ana.

Likhweru linaliranso. Linachokera kutsogolo kwawo, pafupi, molingana ndi nkhope yawo, pamalo pomwe panalibe choti munthu kapena mbalame n'kuimapo. Linalira mofatsa, moleza mtima, ngati la munthu amene sakukayika kuti mnzake abwera. Ndinaona milomo ya amalume ikupindika kuti iyankhe, kenako anadzitseka pakamwa ndi dzanja lawo lomwe. Anakhala pansi, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, akukhwekhwereza matako pathanthwe ngati mwana wosayamba kuyenda, mpaka anandipeza.

Anandisolola phazi mumng'alu, nandibereka kumsana, ndipo tinatsika. Msana wawo unali wonyowa ndi thukuta m'kuzizira konse kuja. Muvi tinausiya mumtengo momwemo. Likhweru silinatitsatire, koma tauni sinamvekenso mpaka titafika m'munda wa nandolo, pomwe mwadzidzidzi ndinamva mwazini wa mzikiti wa kumunsi akuitanira mapemphero a masana. Sindine Msilamu, koma sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo.

Kunyumba mayi anayamba ndi kukalipa za phazi langa. Amalume anawasiya amalize, kenako anafotokoza zonse, ndipo pofuna kuti mayi amvetse, analiza likhweru lija pang'ono chabe. Mayi anali atanyamula beseni la madzi ofunda oti andithowe. Besenilo linagwa. Mayi anati limenelo linali likhweru lomwe abale awo awiriwo ankaitanirana posaka m'nkhalango ya kwawo, ndipo analamula kuti lisadzamvekenso pakhomo pawo. Che Amidu atamva nkhaniyi anati mwina ndi mphepo yodutsa m'ming'alu ya miyala. Koma anawonjezera kuti iwo pa chiperoni sakwera phiri ngakhale mbuzi yawo itathawira komweko.

Amalume sanakhazikikenso. Ankati ngati mkulu wawo akuwaitana, ndiye kuti mafupa ake ali pamtunda, sanaikidwe mwaulemu. Atapatsidwa tchuthi kuntchito anakwera basi ya ku Muloza, n'kuwoloka malire koyamba chibwerereni. Mayi ankapemphera m'mawa ndi madzulo. Ine ndinkadumphira mwendo umodzi kupita kusukulu.

Amalume anabwerako nyengo yotentha itayamba, mitengo ya jakaranda ya ku Limbe itachita maluwa. Sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunali bambo woonda, wa imvi, wovala jekete lalikulu kuposa thupi lake, atanyamula nkhuku yamoyo m'khwapa. Mayi anali akupeta mpunga pakhonde. Anayang'ana mlendoyo, nayang'ananso, kenako analira kulira komwe sindinakumvepo, kwa maliro ndi chikondwerero pamodzi, mpaka anthu oyandikana nafe anathamangira kwathu. A Manuwelo anali moyo. Asilikali anawagwira n'kupita nawo kutali kukawanyamulira katundu, ndipo pobwerera nkhondo itatha anapeza mudzi uli bwinja. Nawonso anauzidwa kuti abale awo anafera m'njira pothawa.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba. Amalume a Jowaki anafotokoza za kuphiri, akuseka pang'ono tsopano, nati, "Ndiye munandiitana ndithu, achimwene. Kungoti njira munandilozera yolakwika."

A Manuwelo sanaseke. Anatsegula pakamwa n'kutionetsa nkhama zopanda mano akutsogolo, m'mwamba ndi m'munsi momwe. Anati asilikali aja anawagulula ndi thako la mfuti chaka chomwe anagwidwa.

"Likhweru ndingalize ndi chiyani ine?" anatero. Anayesa, ndipo panangotuluka mpweya. "Chichokereni mano sindinalizepo. Koma kulimva ndimalimva, kukachita nkhungu. Ndinkati ndiwe, Jowaki. Ndinkati unafa ndipo ukundifuna. Chaka china linanditenga mpaka m'madzi a mtsinje wosefukira, anandivuula ndi asodzi."

Nkhuku ija inali kupalasa pafupi ndi mkeka, chingwe chili kumwendo. Palibe anafunsa kuti nanga wina wodziwa likhwerulo ndi ndani. Mayi anaimirira, nati tiyi wazizira, napita kukakoleza mbaula.

Uta uja ndinasaka nawo zaka zingapo. Nkhwali ndinaphako, ndi mbira za m'miyala. Pusi sindinaphepo. Tsiku lomwe ndinamupeza wina pabwino, anaphimba nkhope ndi manja ake, zala zake zili ngati za mwana, ndipo ndinatsitsa uta. Komabe apusi anaphunzira kundiopa, moti nandolo tinadya. A Manuwelo anakhala nafe mpaka mvula itayamba, kenako anabwerera kumunda wawo, ndipo abale awiriwo ankayenderana mpaka onse anatisiya, aliyense pamphasa yake, atakalamba.

Lero ndikadutsa ku Limbe ndimaliyang'ana phirilo n'kulephera kulizindikira. Mitengo inathera m'matumba a makala, nyumba zakwera mpaka pomwe tinkatola nkhuni, ndipo mwana wa kumeneko ukamufunsa za nyama ya m'phiri amakuuza za agalu osochera. Munthu akasowa masiku ano, chithunzi chake chimazungulira m'mafoni, pofika madzulo wapezeka. Palibenso amene angalire m'bale wake wamoyo kwa theka la moyo wake chifukwa chongomva za m'maluwa, ndipo zimenezo ndimathokoza. Koma ana anga ndikawasimbira nkhaniyi, amadikira mpaka kumapeto, kenako amafunsa kuti, "Ndiye chinali chiyani, amami?" Ndikawauza kuti sindikudziwa, amakhumudwa, amaona ngati ndawabisira. Iwo anakulira m'dziko lomwe funso lililonse limayankhidwa munthu asanamalize kulilemba. Ife tinakulira m'dziko lomwe zinthu zina unkangozisiya kuphiri komweko, n'kutsika mwakachetechete, n'kuthokoza kuti wafika kunyumba.